Khutu Likhale Kumathero: Mayina a Chilatini ndi Kusintha Kwake

Ino ndi pulogalamu ya maphunziro a zilankhulo, ndipo lero ikukamba za Chilatini, chilankhulo chimene chinayambira mumzinda wa Roma ndi dera lozungulira mzindawo lotchedwa Latium, chisanafalikire kumayiko ozungulira nyanja ya Mediterranean pamene ulamuliro wa Aroma unkakula. Mutu wa lero ndi mayina a m'chilankhulochi, momwe amasinthira mathero ake, ndiponso mawu oyambirira amene wophunzira ayenera kukhala nawo pamtima. Amene ali ndi pepala ndi cholembera pafupi achita bwino kuzikonzeratu, ngakhale kuti zonse zakonzedwa moti munthu angathe kuzitsatira ndi khutu lokha.

Mfundo imene pulogalamuyi ibwerezebwereze ndi imodzi, ndipo ndi bwino kuitchuliratu: m'Chilatini, ntchito imene dzina likugwira m'chiganizo imadziwika ndi mathero a dzinalo, osati ndi malo amene dzinalo laikidwa. Kwa wolankhula Chichewa kusintha kwa mayina si kwachilendo, chifukwa amadziwa kuyambira ali mwana kuti munthu pochulukitsa amakhala anthu, kuti chipatso chimasanduka zipatso, ndiponso kuti mudzi umamveka pamudzi, kumudzi kapena m'mudzi malinga ndi zimene zikunenedwa. Komabe kusintha konseku kumachitikira kumayambiriro kwa dzina, kotero kuti khutu lake linazolowera kugwira phatikizo loyamba n'kulekerera lomaliza kuti lingodutsa. Chilatini chimafuna kuti khutu lomwelo lidekhe mpaka liwu lithe, pakuti uthenga umene Chichewa chimauika kumutu, Chilatini chimauika kumchira.

Chitsanzo choyamba chili ndi mawu atatu okha. Puella ndi mtsikana, agricola ndi mlimi, ndipo videt ndi mneni wotanthauza kuti akuona. Munthu akanena kuti puella agricolam videt, ndiye kuti mtsikana akuona mlimi, koma akanena kuti puellam agricola videt, mawu ali m'malo omwe aja, woona tsopano ndi mlimi ndipo woonedwa ndi mtsikana. Chimene chasintha ndi lembo limodzi lokha, la m, limene lachoka pa dzina la mlimi n'kukakhala pa dzina la mtsikana, ndipo lembo limeneli ndilo likusonyeza woonedwa. Omvera amvenso kachiwiri: puella agricolam videt, kenako puellam agricola videt. Mawu atatuwa angasanjidwe mulimonse, mneni angabwere poyamba kapena pakati, koma malinga ngati m ali pa agricolam, woonedwa ndi mlimi basi.

Zimenezi zimazunguza kwambiri anthu amene chilankhulo chawo ndi Chingerezi, chifukwa m'Chingerezi dzina limene layambirira ndilo limakhala la wochita. Wolankhula Chichewa ali ndi poyambira pabwinopo. Iye angathe kunena kuti njoka inamuluma mwana, angathenso kunena kuti mwana inamuluma njoka, ndipo palibe amene angaganize kuti mwana ndiye waluma, popeza i ndi mu amene ali mkati mwa mneni anena kale woluma ndi wolumidwa. Akatswiri a zilankhulo Joan Bresnan ndi Sam Mchombo anafotokoza khalidwe limeneli la Chichewa mu 1987. Kusiyana kwake ndi kwakuti Chichewa chimaika zizindikirozo pa mneni, pamene Chilatini chimaziika pa dzina lenilenilo.

Pali mawu awiri a galamala amene ayenera kumveka pulogalamu isanapitirire. Oyamba ndi casus, kutanthauza maonekedwe amene dzina limatenga pofuna kusonyeza udindo wake m'chiganizo, ndipo maudindo amenewa alipo asanu ndi umodzi. Achiwiri ndi declinatio, kutanthauza gulu la mayina amene amasintha mathero awo mofanana, ndipo magulu amenewa alipo asanu. Pulogalamu iyamba ndi maudindo, kenako ifotokoza magulu, ndipo pambuyo pake ikamba za katchulidwe ndi njira zolowezera mawu.

Udindo woyamba ndi nominativus, umene ndi wa mwininkhani, ndiye kuti munthu kapena chinthu chimene chikuchita ntchito kapena chimene chikukambidwa, monga puella kapena dominus, kutanthauza mbuye. Mnzake ndi accusativus, wa pamtherankhani, ndiye kuti amene ntchito yamugwera, monga puellam ndi dominum. Awiriwa amveka kale m'chitsanzo cha mlimi chija. Palinso vocativus, udindo woitanira munthu, umene suvuta chifukwa pafupifupi nthawi zonse umafanana ndi nominativus, kupatula pa mayina onga dominus, amene poitana amakhala domine, ndi filius, mwana wamwamuna, amene poitana amakhala fili.

Genitivus ndi udindo wa umwini, umene umagwira ntchito imene wa, la, ya ndi cha amagwira m'Chichewa. Hortus ndi dimba ndipo via ndi njira, choncho hortus domini ndi dimba la mbuye ndipo via domini ndi njira ya mbuye. Omvera aone pamene pasintha. M'Chichewa mbuye wakhala chimodzimodzi ndipo chasintha ndi kaliwu kolumikiza, kamene kamatsatira gulu la chinthucho, la pa dimba ndi ya pa njira, pamene m'Chilatini mulibe kaliwu kolumikiza ndipo mwiniwakeyo ndiye wasintha, kuchoka pa dominus kukhala domini. Malembo a A.D. amene amalembedwa pambali pa zaka amaimira anno Domini, m'chaka cha Ambuye, ndipo Domini ameneyu ndi genitivus yemweyu.

Dativus ndi udindo wa wolandira kapena wochitiridwa. Chichewa chimasonyeza zimenezi pa mneni, posiyanitsa kuphika ndi kuphikira, kugula ndi kugulira, kukonza ndi kukonzera. Chilatini chimasiya mneni monga alili n'kusintha dzina la wochitiridwayo, kotero kuti mater puero cibum parat amatanthauza kuti mayi akukonzera mnyamata chakudya, ndipo o wa kumapeto kwa puero ndiye akugwira ntchito ya er wa mu kukonzera. Dalitso limene Papa amapereka ku Roma pa Khirisimasi ndi pa Pasaka limatchedwa Urbi et Orbi, kutanthauza kwa mzinda ndi kwa dziko lonse, ndipo mayina onse awiri ali mu dativus.

Udindo umene umafuna nthawi yochuluka ndi ablativus. Chigiriki, chimene Aroma anatengerako maphunziro a galamala, chilibe udindo umenewu, ndipo n'chifukwa chake akatswiri akale monga Varro ankaunena kuti ndi wachisanu ndi chimodzi, wa Chilatini mwini. Umavuta chifukwa umasenza ntchito zingapo zimene zinakumana pamalo amodzi. Umasonyeza chida chimene ntchito yachitikira, monga mu agricola hortum aqua rigat, mlimi akuthirira dimba ndi madzi, pamene aqua akutchulidwa mokoka a womaliza. Umasonyezanso kumene chinthu chachokera, malo amene chili, ndi nthawi imene chachitika, monga anno uja wa mu anno Domini. Kawirikawiri umatsagana ndi aperekezi, monga cum, kutanthauza pamodzi ndi, sine, kutanthauza popanda, ndi ex, kutanthauza kuchokera mu. Mperekezi in ndi wofunika kumumvetsa bwino, chifukwa amayenda ndi maudindo awiri. Puer in horto ambulat ndi mnyamata amene akuyendayenda m'dimba momwemo, koma puer in hortum ambulat ndi mnyamata amene ali kunja ndipo akuyenda kulowa m'dimbamo. Apanso mathero okha, o kapena um, ndiwo anena ngati mnyamata ali mkati kale kapena akungolowa.

Anthu amene amatsatira nkhani za m'makhothi amamva ablativus kawirikawiri osadziwa. Loya akanena kuti munthu anagula malo bona fide, akutanthauza kuti anagula ndi mtima woona, ndipo fide ndi ablativus wa fides, chikhulupiriro. Woweruza akanena kuti pali mlandu prima facie, akutanthauza poona koyamba. Nkhani imene ili sub judice ndi imene ikadali pansi pa woweruza, judex, ndipo munthu amene ali m'komiti ex officio walowamo chifukwa cha udindo wake, officium. Wophunzira amene wazindikira ablativus m'mawu amenewa saalowezanso ngati phokoso chabe, chifukwa amaona chimene chapangitsa kuti fides akhale fide.

Kukoka kwa a kumene kwatchulidwa kuja sikuyenera kupeputsidwa. Aqua wa a wamfupi ndi madzi amene ali mwininkhani, pamene aqua wa a wokoka ndi madzi amene agwiritsidwa ntchito ngati chida, ndipo m'mabuku a ophunzira kukokako kumasonyezedwa ndi kamzere kopingasa pamwamba pa lembo. Mabuku a anthu odziwa kale salemba kamzereko, monga momwe Chichewa chimalembera mtengo wa kuthengo ndi mtengo wa pamsika mofanana, ngakhale kuti pakamwa amasiyana kakwezedwe ka liwu. Pomaliza pa maudindo, pali kotsalira ka udindo wina wakale wotchedwa locativus, kamene kamapezeka pa mayina a mizinda ndi mawu ochepa, monga Romae, ku Roma, ndi domi, kunyumba.

Tsopano pulogalamu ilowa m'magulu asanu aja, ndipo pano pali lamulo limene lili lofunika kuposa onse pa kuloweza mawu: gulu la dzina silidziwika ndi nominativus, limadziwika ndi genitivus. N'chifukwa chake mtanthauziramawu wa Chilatini salemba puella yekha, amalemba puella, puellae, ndipo amaonjezera lembo losonyeza ngati dzinalo ndi lachimuna, lachikazi, kapena losakhala mbali iliyonse, limene limatchedwa neutrum. Umuna ndi ukazi umenewu ndi wa galamala chabe, pakuti mensa, tebulo, ndi dzina lachikazi, hortus ndi lachimuna ndipo templum, kachisi, ndi neutrum. Palibe chifukwa chofufuzira ukazi wa tebulo, monganso palibe amene amafunsa chifukwa chake mpeni umakhala wanga pamene khasu limakhala langa.

Gulu loyamba ndi la mayina othera ndi a, amene genitivus wake amathera ndi ae. Muli mawu ambiri a tsiku ndi tsiku, monga aqua, madzi, terra, dziko kapena nthaka, vita, moyo, silva, nkhalango, ndi insula, chilumba. Pafupifupi onse ndi achikazi, kupatula ochepa otchula ntchito, monga agricola, nauta, woyendetsa ngalawa, ndi poeta, mlakatuli. Pochulukitsa, atsikana amene ali mwininkhani ndi puellae, amene ali pamtherankhani ndi puellas, ndipo chinthu cha atsikana chimanenedwa ndi puellarum. Buku limene katswiri wa ku Sweden Carl Linnaeus anatulutsa mu 1753, limene linakhazikitsa njira yotchulira zomera ndi mayina awiri, limatchedwa Species Plantarum, mitundu ya zomera, ndipo plantarum wapangidwa mofanana ndi puellarum. Mathero a gulu lomweli ali pa dzina la sayansi la mtundu umodzi wa chambo, Oreochromis karongae, pamene karongae akutanthauza wa ku Karonga, dzina la bomalo litasinthidwa ngati kuti ndi puella.

M'gulu lomweli muli vuto limene wophunzira aliyense amakumana nalo msanga. Puellae angatanthauze wa mtsikana, angatanthauze kwa mtsikana, angatanthauzenso atsikana, ndipo mathero okha sangathetse funsoli. Chimene chimalithetsa ndi mawu ena a m'chiganizo. Mu puellae cantant, mneni ndi wa anthu ambiri, choncho ndi atsikana amene akuimba. Mu agricola puellae aquam dat muli kale mwininkhani ndipo mneni ndi wa kupatsa, choncho tanthauzo loyamba kuliganizira ndi lakuti mlimi akupatsa mtsikana madzi. Wolankhula Chichewa amachita zomwezi ndi kaliwu kakuti ndi, kamene kali ndi matanthauzo osiyana mu uyu ndi mlimi, mlimi ndi mwana wake, ndiponso wadula ndi nkhwangwa, koma sasokonezeka chifukwa amamva chiganizo chonse.

Gulu lachiwiri lili ndi genitivus wothera ndi i. Muli mayina achimuna othera ndi us, monga dominus, hortus ndi amicus, bwenzi, ena othera ndi er, monga puer, mnyamata, ndi ager, munda, ndiponso mayina a neutrum othera ndi um, monga verbum, liwu, donum, mphatso, ndi bellum, nkhondo. Mkungudza wa ku Mulanje umatchedwa Widdringtonia whytei, ndipo i womalizayo ndi genitivus wa gulu limeneli, kusonyeza kuti dzinalo likukumbutsa Alexander Whyte, amene anatola zitsanzo za mtengowu paphiripo m'zaka za m'ma 1890. Mayina a neutrum ali ndi lamulo limene silisintha m'gulu lililonse: nominativus ndi accusativus amafanana, ndipo pochulukitsa amathera ndi a. Choncho verba ndi mawu, dona ndi mphatso zambiri, ndipo bella ndi nkhondo zambiri, ngakhale kuti akumveka ngati dzina la chinthu chimodzi la gulu loyamba. Ajenda ya pamsonkhano ndi agenda, zinthu zoyenera kuchitidwa, neutrum wochulukitsa wa mtundu womwewu.

Gulu lachitatu ndilo lalikulu kuposa onse, ndipo ndi pamene ophunzira ambiri amagwa ulesi. Genitivus wake amathera ndi is, koma nominativus alibe mathero amodzi okhazikika, ndipo kawirikawiri amabisa tsinde lenileni la dzina. Mfumu ndi rex, koma chinthu cha mfumu chimanenedwa ndi regis. Lamulo ndi lex, legis, munthu ndi homo, hominis, dzina ndi nomen, nominis, thupi ndi corpus, corporis, ndipo ulendo ndi iter, itineris. Munthu akachotsa is pa genitivus, chotsalacho ndilo tsinde limene mathero ena onse amaphatikizidwako, kotero kuti pa reg pamatuluka regem, regi, rege ndi reges. Amene waloweza rex yekha alibe chimene angapange nacho, chifukwa g amene akufunika m'maudindo ena onse sakumveka mu rex, ndiponso akakumana ndi itineris m'buku sangadziwe kuti ayenera kukamufuna pa iter mu mtanthauziramawu. Tsinde lomwelo ndilo linalowa m'mawu a Chingerezi amene ophunzira amawadziwa kale, pakuti legal anachokera pa leg ndipo nominate anachokera pa nomin.

Magulu awiri otsala ali ndi mayina ochepa, ngakhale kuti ena mwa iwo amapezeka pafupifupi patsamba lililonse. M'gulu lachinayi genitivus amathera ndi us wokoka, monga manus, dzanja, ndi exercitus, gulu lankhondo. M'gulu lachisanu amathera ndi ei, monga res, rei, chinthu, dies, diei, tsiku, ndi spes, chiyembekezo. Malembo a a.m. ndi p.m. a pa wotchi amaimira ante meridiem ndi post meridiem, masana asanakwane ndi masana atadutsa, ndipo meridiem ndi accusativus wa gulu lachisanu. Pofuna kuona chifukwa chake genitivus ndi wofunika chotere, omvera aganizire mayina atatu amene onse amathera ndi us. Dominus ndi wa gulu lachiwiri ndipo ndi wachimuna, corpus ndi wa gulu lachitatu ndipo ndi neutrum, pamene manus ndi wa gulu lachinayi ndipo ndi wachikazi. Pochulukitsa amakhala domini, corpora ndi manus, ndipo palibe njira yodziwira zimenezi pomva nominativus yekha.

Munthu akawerengetsa maudindo onse m'magulu onse, pa chimodzi ndi pochulukitsa pomwe, ntchito imaoneka yaikulu, koma mathero ambiri amangobwerezana. Pamtherankhani wa munthu mmodzi kapena chinthu chimodzi, ngati dzina si neutrum, amathera ndi m m'magulu onse: puellam, dominum, regem, manum, rem. Pochulukitsa amathera ndi s: puellas, dominos, reges, manus, res. Umwini wa ambiri umathera ndi um: puellarum, dominorum, regum, manuum, rerum. Ndiponso dativus ndi ablativus wochulukitsa amafanana nthawi zonse, ndipo amathera ndi is m'magulu awiri oyamba ndi bus m'magulu atatu otsalawo. Mathero a bus amenewa omvera amawatchula tsiku lililonse, chifukwa ngolo zonyamula anthu onse zimene zinayamba kuyenda m'mizinda ya ku France m'zaka za m'ma 1820 zinkatchedwa omnibus, kutanthauza za onse, ndipo Angerezi atadula liwulo anatsala ndi bus, amene ndi basi ya pa depoti.

Gawo lotsatira ndi la katchulidwe, ndipo likukhudza makamaka olankhula Chichewa. Mwayi wawo ndi wakuti malembo a liwu a Chilatini, a, e, i, o, u, amamveka pafupifupi monga m'Chichewa, kotero kuti savutika nawo monga amavutikira Angerezi. Vuto lawo ndi lakuti liwu lililonse la Chichewa limathera ndi lembo la liwu, ndipo pakamwa pamafuna kuonjezera lembo lotere pa mawu achilendo, monga zinachitikira pa buku ndi sukulu. M'Chilatini chizolowezi chimenechi chimasintha tanthauzo. Wophunzira amene akufuna kunena puer, mnyamata mmodzi, n'kutulutsa pueri, wanena anyamata kapena wa mnyamata, ndipo amene akufuna kunena vir, mwamuna, n'kutulutsa viri, wachulukitsa amuna osafuna. Vuto lachiwiri ndi la l ndi r, amene m'Chichewa sasiyanitsa matanthauzo a mawu, koma m'Chilatini amasiyanitsa lex ndi rex, lamulo ndi mfumu. Ndi bwino kuti wophunzira azitchula mawu amenewa mokweza, pang'onopang'ono, n'kumaimitsa lilime pa lembo lomaliza. Pali katchulidwe ka mitundu iwiri, kakale kamene kamatchula ae ngati ai ndi c ngati k, ndi ka m'tchalitchi kamene kamatchula ae ngati e, ndipo zonse ziwiri ndi zovomerezeka malinga ngati munthu sakuzisakaniza.

Pa mawu oyambirira, wophunzira sayambira pa chabe. Sukulu inachokera pa schola ndipo tebulo linachokera pa tabula kudzera m'Chingerezi, pamene vinyo anachokera pa vinum ndipo kalata inachokera pa charta kudzera m'Chipwitikizi. Omvera a ku Tete ndi madera ena a Mozambique ali ndi mwayi woposa, chifukwa Chipwitikizi ndi Chilatini chimene chinasintha pakamwa pa anthu m'kupita kwa zaka. Pamene m womaliza analeka kumveka ndipo kukoka kwa mawu kunazilala, mathero ambiri anayamba kufanana, ndipo aperekezi ndi kasanjidwe ka mawu zinatenga ntchito yawo, koma s wochulukitsa wa mu terras ndi amigos ndi yemwe uja wa accusativus. Dzina lililonse latsopano liyenera kulowezedwa ndi zinthu zitatu pamodzi, nominativus, genitivus ndi mtundu wake, monga rex, regis, lachimuna, ndipo mayina khumi olowezedwa chotere amathandiza kuposa makumi asanu olowezedwa ndi nominativus yekha.

Funso la njira yabwino yophunzirira mathero ndi lakale. Aelius Donatus, amene ankaphunzitsa ku Roma cha m'ma 350 ndipo mmodzi mwa ophunzira ake anali Jerome, womasulira Baibulo m'Chilatini, analemba kabuku kotchedwa Ars minor ka mafunso ndi mayankho, kamene ana a ku Ulaya anakaloweza kwa zaka zoposa 1,000. Iye ankasanja maudindo poika genitivus pachiwiri, ndipo mabuku a ku Italy, Germany ndi America amatsatirabe dongosolo limenelo. Ku Britain kunafala dongosolo lina, la m'mabuku onga Revised Latin Primer la Benjamin Hall Kennedy la 1888, limene limaika vocativus ndi accusativus pafupi ndi nominativus kuti mathero ofanana azitsatana. Wophunzira amene akubwereka mabuku osiyanasiyana asankhe dongosolo limodzi poloweza, chifukwa kusinthasintha kumasokoneza kayimbidwe kamene pakamwa pazolowera. Mphunzitsi wa ku Denmark Hans Ørberg anatenga njira ina m'buku lake Lingua Latina per se illustrata, mmene mulibe chilankhulo china koma Chilatini chokha, ndipo wowerenga amazindikira mathero powaona akugwira ntchito m'nkhani.

Njira ziwirizi, yoloweza mndandanda wa mathero ndi yowaona m'nkhani, siziyenera kulimbanitsidwa. Kuloweza pamtima si chinthu chochititsa manyazi, ndipo amene akunyoza kubwereza dominus, domine, dominum mokweza akumana ophunzira chida chotsika mtengo kuposa zonse, chimene sichifuna magetsi kapena kompyuta. Komabe pali ophunzira ambiri amene amatha kutchula mndandanda wonse mwaliwiro, koma akapeza domino pakati pa chiganizo amayamba kuwerenga ndi zala kuchokera pa dominus kuti adziwe pamene ali, ndipo zimenezi zimasonyeza kuti aloweza mndandanda popanda kumva ntchito yake. Mathero aliwonse amene alowezedwa ayenera kuikidwa tsiku lomwelo m'chiganizo chachifupi chimene wophunzira wapanga yekha ndi kuchimasulira m'Chichewa mwachindunji, osadzera m'Chingerezi, pakuti dativus amamveka bwino pa kukonzera ndi kugulira kusiyana ndi pa timawu ta Chingerezi.

M'Malawi Chilatini chakhala chikuphunzitsidwa m'maseminale a Mpingo wa Katolika, umene unkachita Misa m'chilankhulochi kufikira kusintha kumene kunadza ndi Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican wa 1962 mpaka 1965, ku Kamuzu Academy ku Mtunthama m'boma la Kasungu, imene inatsegulidwa mu 1981, ndiponso ku University of Malawi ku Zomba. Popeza malo amenewa ndi ochepa, anthu ambiri anafika poganiza kuti Chilatini ndi cha ansembe ndi ana a anthu olemera okha. Maganizo amenewa ndi olakwika ndipo amalepheretsa ophunzira a zamalamulo, zaumoyo ndi zaulimi kumvetsa mawu amene amawagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku. Omvera adzifunse ngati munthu amene amasunga m'mutu magulu onse a mayina a Chichewa, n'kumagwirizanitsa aneni ndi afotokozi popanda kuphonya, angalephere magulu asanu a Chilatini.

Pulogalamu ikusiya chiganizo chimodzi choti omvera alimbane nacho kunyumba, ndipo amene ali ndi cholembera alembe. Chiganizocho ndi ichi: filio regis nauta donum dat. Kachiwiri: filio regis nauta donum dat. Mayina ake ndi filius, filii, mwana wamwamuna, rex, regis, mfumu, nauta, nautae, woyendetsa ngalawa, ndi donum, doni, mphatso, ndipo dat ndi mneni wa kupatsa. Omvera apeze amene akupereka, chimene chikuperekedwa, amene akulandira, ndi mmene mfumu ikulowera m'nkhaniyi, ndipo asafulumire kuganiza kuti dzina loyamba kumveka ndilo la wopereka. Yankho lidzaperekedwa m'pulogalamu yotsatira, imene idzakamba za afotokozi ndi chifukwa chake mlimi wabwino amatchedwa agricola bonus osati agricola bona.